Tsiku Limene a Moffat Anayeza Chitseko cha Mlamu Wawo

Ku Kasungu kulibe njanji. Mungayende kuchokera pa Chamama mpaka ku boma, kudutsa minda ya fodya yoti maso amachita kutopa nayo, simudzamva sitima ikulira. Koma mukalowa m'shedi ya a Moffat Namaona, kuseri kwa chigayo cha pa mphambano, mupeza siteshoni yathunthu ili pa shelefu: khonde lake, zenera logulira matikiti, thanki ya madzi, ngakhale kabenchi kodikirirapo. Yonseyo ingakwane m'katoni ya nsapato.

A Moffat anabadwira ku Luchenza, kumene bambo awo ankagwira ntchito yokonza njanji. Kuno anabwera ali mnyamata, pa lole ya esiteti, pamodzi ndi matenanti ena amene anauzidwa kuti ku Kasungu ndalama zimamera zokha ngati bonongwe. Anasoka fodya zaka zinayi, ndipo chimene anapata ndi msana wopweteka komanso mkazi. Mkaziyo, a Fainala, anali a m'mudzi woyandikana ndi esitetiyo, motero a Moffat analowa chikamwini. Ku Luchenza munda wa mayi awo unagawidwa kalekale pakati pa alongo awo, ndipo nyumba imene anabadwiramo inagwa ndi mvula. Kunena mosapsatira, munthuyu atachotsedwa pamene alipa alibe koti n'kulowera.

Ukalipentala anauphunzira pa esiteti pomwepo, pokonza mabokosi odindiramo mabelo. Atasiya utenanti anayamba kukhoma mipando, zitseko ndi mabedi. Koma anthu akuno bedi amagula kamodzi pa moyo wawo wonse, pamene imfa siifunsa kuti fodya wayenda bwanji ku okushoni chaka chino. Pang'onopang'ono shedi yawo inadziwika ndi mabokosi a maliro. Ntchito imeneyi ili ndi mwano wake: tsiku la mavuto anthu amakuthamangira, masiku enawa moni amakupatsira patali. Mmisiri wa mabokosi akakufunsa kuti wadzuka bwanji, umayankha msanga kuti uli bwino ngakhale mutu ukung'amba.

Tinyumba tating'ono ngati siteshoni ija anayamba kupanga ndi zidutswa zotsala, osati kuti agulitse, koma kuti manja asakhale chabe ndiponso kuti asaiwale kwawo. Amene anaika malonda pa nkhaniyi ndi a Mphepo, mphunzitsi wa pa sekondale, amene anabwera kudzakonzetsa mpando n'kuona siteshoni ija. Anaijambula pa foni n'kutumiza kwa mng'ono wawo amene amagwira ntchito mu shopu ina ku Joni. Kumeneko, akuti, kuli madoda a imvi zawo amene amayala njanji m'chipinda n'kumayendetsa tisitima tamagetsi pakati pa timapiri ndi timidzi topanga. A Moffat atamva zimenezi anaseka mpaka misozi, kenaka anasiya kuseka atakumbukira zimene zinali pa shelefu pawo.

Kanyumba koyamba anakatumiza pa basi katamangidwa kale, ndipo kanafika kali nkhuni zokhazokha. Wa ku Joni uja anatumiza uthenga kuti asamavutike n'kumanga, chifukwa madoda aja chimene amakonda ndi kumanga okha. Mmisiri azingodula zidutswa, kulemba nambala kuseri kwa chilichonse, kujambula pa pepala mmene zimalumikizirana, n'kuika zonse mu envelopu. Lamulo linali limodzi lokha: chilichonse chichepe ka 87 poyerekeza ndi chenichenicho, osapitirira, osaperewera. Chitseko cholowa munthu wamkulu chimatsala masentimita awiri basi.

Ntchitoyo inawalowa m'magazi. Thabwa la malaina amalipala mpaka liziwonetsa kuwala, n'kumalicheka ndi lezala. Malata amapanga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, kukadinda pa mano a chipeso kuti kakhale ndi mizere. Udzu wa padenga ndi ulusi wa khonje, mtundu wa njerwa ndi katondo wosefa wosakaniza ndi guluu, ndipo thabwa likaoneka latsopano kwambiri amalinyika mu tiyi wopanda shuga kuti likalambe. Chigafa cha fodya chimene anatumiza, chokhala ndi timikangala take ndi timasamba ta pepala tolendewera, chinasangalatsa anthu kumeneko moti anaitanitsa china. Tsopano ankafuna nyumba ya mlimi, yeniyeni, yakale, osati yongopeka.

Nyumba yotero m'mudzimo inali imodzi: ya a Redson, mchimwene wa a Fainala, mwini mbumba, yemweyo amene anawalozera a Moffat malo omangapo shedi. Inali ya njerwa zootcha, malata adzimbiri, ndi chitseko cha mlombwa chokhota pang'ono. Vuto linali lakuti a Redson anali atatha miyezi itatu akudwala. Ankangowonda, chakudya sichinkawalowa, ndipo za chipatala sankafuna kumva. Ankati pali munthu amene wawatchera chifukwa cha dimba la ku dambo, koma dzina sankalitchula.

Tsoka silinunkha. Sabata imeneyo tepi yoyezera ya a Moffat inali itaduka, ndipo yatsopano inali yoti akagule ku boma. Pakona ya shedi panali mabango angapo. Kuno munthu akamwalira, adzukulu amadula bango molingana ndi msinkhu wa malemuyo n'kupita nalo kwa mmisiri kuti bokosi lisafupike, ndipo ntchito ikatha bangolo limatsala pamenepo. Kwa a Moffat, amene anagwira mabango otero zaka makumi awiri, bango linali bango. Anatola limodzi lowongoka bwino, analidula kukwana mita, analicheka timizere, n'kunyamuka ndi kope lawo Lachiwiri m'mawa.

Ankafuna kupempha kaye, zimenezo n'zoona. Anaodira kawiri koma panalibe woyankha, chifukwa a Feggie, akazi a a Redson, anali ku mjigo ndipo wodwalayo anali mtulo. Munthu wanzeru akanakhala pa khonde n'kudikira. A Moffat anaona kuti dzuwa likukwera, ntchito ikudikira, ndiye anayamba. Anayeza khoma lakumaso, lam'mbali, mazenera, nsanamira za khonde. Pomaliza anafika pa chitseko. Anayeza kutalika n'kulemba. Kenaka anagoneka bangolo chopingasa, kuchokera pa felemu ili kufika pa linalo, atagwada, diso limodzi atatsinzina.

Kumbuyo kwawo kunamveka ndowa ikugwa.

A Feggie anali ataima pakati pa bwalo, madzi akuyenderera ku mapazi kwawo. Anayang'ana bango, anayang'ana chitseko, anayang'ana mmisiri wa mabokosi atagwada pa khomo la mwamuna wawo wodwala.

“Mukuyeza ngati bokosi lituluka?” anafunsa ndi mawu otsika.

“Ayi, mayi a Comfort, ayi! Ndi za tinyumba tija, za ku Joni…”

“Munthu akupuma m'nyumbamu, inu mwabwera kale ndi bango?”

Anakuwa mfuu imene inaimitsa ngakhale amene ankasankha fodya m'zigafa. A Moffat anayesa kufotokoza za tisitima, za nambala 87, za madoda a imvi, koma mawu aliwonse otuluka pakamwa pawo ankamveka ngati a munthu wogwidwa. Anthu atayamba kusonkhana, iwo anatola kope lawo n'kubwerera ku shedi.

A Fainala sanawanyengerere. “Bambo a Shalom, zaka makumi atatu pa mudzi uno, simudziwabe kuti bango la maliro silipondetsedwa pa bwalo la munthu wamoyo? Mutu wanuwo munauchepetsanso ka 87?”

“Ndinangoona ngati chinthu choyezera.”

“Inu munaona choyezera. Mudzi wonse waona manda.”

Amene akanawachitira umboni ndi a Mphepo, koma sukulu zinali zitatsekera ndipo mphunzitsiyo anali kwawo ku Rumphi, kumene foni yawo sinkapezeka. Apa a Moffat analakwitsa kachiwiri, ndipo ulendo uno analakwitsa ngati mmisiri. M'malo mopita ndi munthu wamkulu kukapepesa, anaganiza kuti ntchito iwalankhulire. Anati akadula zidutswa zonse, anthu akaona kuti ndi kanthu koseweretsa, mitima idzatsika. Anadzitsekera m'shedi masiku atatu, lezala kumanja. Kunja anthu ankangomva kuti akupala matabwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti pa shedi imeneyo matabwa amapalidwira chiyani. Ku mjigo amayi anasiya kulankhula a Fainala akafika. Lachinayi a Redson anakomoka pochokera kuchimbudzi.

Lachisanu masana, dzuwa lili paliwombo, a Moffat anamva phokoso la anthu ambiri likubwera ndi msewu wa kuchigayo. Patsogolo panali Comfort, mwana woyamba wa a Redson, bambo wa ana atatu amene amayendetsa njinga yamoto ya kabaza. M'dzanja mwake munali chigubu cha petulo. Ena anali ndi zikwanje, ena anangobwera ndi maso.

Anthuwo sanafunse chilolezo. Analowa m'shedi, anagwetsa matabwa, anatulutsa mabango aja n'kuwaponya pabwalo. Bokosi limene ankafuna, la msinkhu wa a Redson, sanalipeze. Koma mnyamata wina anapeza envelopu yakhaki pa tebulo, ndipo pamwamba pake panali malemba a pensulo akuti “Nyumba ya a Redson”. Comfort anaikhuthula pa dzanja. Munatuluka timakoma, timazenera, tinsanamira, denga logawika pawiri, chilichonse pachokha.

“Onani!” anakuwa Comfort. “Waiphwasula kale! Nyumba ya bambo anga ili m'manja mwangamu, yogumukagumuka. Ndiye mukuti munthu achira bwanji?”

Gulu linachita phokoso. Wina kumbuyo anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo uyu waterera mokwanira. Comfort anatsegula chigubu.

“Dzuwa lisanalowe mukhale mutachoka. Mukwere chilichonse chopita kwanu. Shediyi tikuiotcha.”

“Kwathu ndi kuti, mwana wanga?” anafunsa a Moffat. Silinali funso lofuna kumvetsa chisoni. Analifunsa chifukwa yankho lake analibe.

A Fainala ndi amene anaima pakhomo la shedi, manja m'chiuno. “Iwe Comfort, ndinakubereka kumsana ine. Malo ano sunapereke ndiwe. Amene anapereka ali moyo, ndipo pakamwa ali napo. Akatengeni achimwene adzanene okha kuti mwamuna wanga achoke. Akanena, nanenso ndinyamula.”

Anthu anayang'anizana. Kukana kukanakhala ngati kuvomera kuti a Redson ndi akufa kale, ndipo palibe amene ankafuna kukhala woyamba kunena zimenezo. Patapita nthawi yoti munthu n'kusoka mikangala iwiri, ngolo inafika, a Redson atatsamira pa matumba, atafunda bulangete kunja kukutentha chotero. A Moffat anali asanawaone pafupi kwa mwezi wathunthu, ndipo anadzidzimuka. Munthu uja anali atatsala maso okhaokha.

A Redson anamvetsera zonse osadula mawu. Kenaka anayang'ana zidutswa zija m'manja mwa mwana wawo.

“Alamu, mwati n'choseweretsa?”

“Eya, alamu.”

“Imangeni ndione.”

A Moffat anatambasula dzanja kuti atenge thabwa losalala loti amangirepo, ndipo limene linali pafupi linali chivundikiro cha bokosi chosamaliza. A Fainala analikankha ndi phazi asanalikhudze, n'kuthamangira kunyumba kukatenga katebulo ka pabalaza. Anakaika pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi ngolo. Anthu anazungulira mpaka mphepo inasowa polowera.

Zidutswa zinalipo makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Masiku onse ntchito yotere a Moffat amaichita akuimba likhweru, koma tsiku limenelo zala zinkakana. Khoma loyamba linagwa kawiri. Guluu wa matabwa sathamangitsidwa: ukalumikiza makoma awiri uyenera kugwira osasuntha mpaka agwirane, ndipo nthawi yonseyo a Moffat ankamva fungo la petulo, chifukwa Comfort anaima kumbuyo kwawo chigubu chili chotsegula. Thukuta linkadontha kuchokera pa mphuno, iwo n'kumatembenuza mutu kuti lisagwere pa thabwa. Chigayo nacho chinali chitazimitsidwa, mwini wake atabwera kudzaonerera.

Makoma anayi ataima, mayi wina anati, “Ii, mng'alu uja ndi uwu!” Unalidi pamenepo, mng'alu wa pansi pa zenera lakumanzere umene a Redson anaumata ndi simenti chaka cha mvula yambiri. Denga litakwera, anthu anaona lata limodzi lowala pakati pa adzimbiri, ndi kamwala kotsendera pakona pamene msomali unazuka. Ena anayamba kuseka, koma kusekako kunazima msanga. Kufanana kumeneko, kumene a Moffat ankayesa kuti kuwapulumutsa, ndi kumene kunkaopsa anthu.

“Zonsezi anaziona liti?” anatero a Feggie. “Wakhala akutizonda kwa nthawi yaitali bwanji munthu ameneyu?”

Panatsala chidutswa chimodzi, ndipo pa tebulo panalibe. A Moffat anasuzumira mu envelopu, anayang'ana pansi, anapapasa m'fumbi. Kanyumbako kanali chiimire ndi khomo lopanda kanthu, lakuda bii.

“Chitseko chili kuti?” anafunsa Comfort. “Mwachipititsa kuti chitseko?”

“Chinali pompano.”

“Wakachikwirira!” anakuwa wina.

Bwalo linayamba kuchepa, anthu akusendera. A Moffat anagwada n'kuyamba kusefa dothi ndi zala. Anaganiza za lole imene inawabweretsa, ndi kuti pobwerera sipadzakhala ngakhale lole. Ndi a Redson, ali pa ngolo paja, amene anakweza chala chowonda n'kuloza.

“Chamatirira pa chigongono chanu, alamu.”

Chinalidi pamenepo, chitagwidwa ndi dontho la guluu pa mkono wa malaya. A Moffat anachimatula, anachipukuta, anachilowetsa pa timahinjesi ta waya, n'kunyamula kanyumbako ndi manja awiri kukapereka kwa mwini wake.

A Redson anakaika pa bulangete, pamwamba pa maondo. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakankha kachitseko ndi chikhadabo, ndipo kanatseguka mokhota, n'kuima pakati osafika ku khoma.

“Malemu bambo anachikhoma chokhota chonchi,” anatero motsitsa. “Mayi anawanyoza nacho mpaka tsiku lomwalira.”

A Fainala anabisa nkhope m'chitenje. A Moffat anayamba kupuma, akuyesa kuti mlandu watha. Koma a Redson anali asanamalize.

“Ine sindikudziwa, alamu. Mwina n'choseweretsadi, mwina ayi. Mutu wanga watopa, sindingathe kusiyanitsa. Kanyumbaka sikapita ku Joni, kakhala kwa ine. Iwe Comfort, tseka chigubucho. Pamene ine ndikupuma, palibe amene akhudze munthu uyu kapena shedi yake.” Anaima kaye kuti apeze mpweya. “Ndikafa, ndilibe mawu. Otsala mudzaona nokha chochita.”

Comfort anatseka chigubu pang'onopang'ono, maso ali pa a Moffat, ndipo aliyense anamva tanthauzo la kuyang'anako. Anthu anayamba kubalalika. Woyendetsa ngolo anakweza chikwapu, koma a Moffat anagwira goli la ng'ombe. Zaka makumi atatu anali asanakwezepo mawu pamaso pa mlamu wawo.

“Ngati ndi choncho, alamu, ngoloyi sikubwerera kunyumba. Ikupita kuchipatala.”

“Matenda angawa si a chipatala.”

“Moyo wanuwo mwaugawa pawiri, theka ndi langa tsopano. Theka langalo ndikupita nalo kuchipatala lero lomwe. Lanulo likafuna litsale.”

A Redson anawayang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu anaseka, kuseka kumene kunathera m'kutsamwa. Sanavomere, koma sanaletse ng'ombe kutembenuka.

Kuchipatala anapeza kuti ndi chifuwa chachikulu, ndipo chinali chitalowerera kwambiri. Adokotala sanalonjeze kanthu. Anapereka mankhwala omwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi, n'kufunsa kuti ndani aziyang'anira kuti wodwalayo asadumphitse. A Feggie asanatsegule pakamwa, a Moffat anali atatchula kale dzina lawo.

Pano ndi mwezi wachinayi. A Mphepo atabwerako ku tchuthi anayenda khomo ndi khomo kuonetsa anthu zithunzi za tisitima pa foni. Ena anakhulupirira, ena anati foni imaonetsa chilichonse. Maenvelopu akupitabe ku Joni, koma muli nyumba za ku Luchenza zokhazokha, zochokera m'mutu, zimene eni ake anamwalira kalekale. Comfort akamadutsa pa njinga yake sapereka moni. A Redson masiku ena amakhala pa khonde n'kudya bwino, masiku ena satuluka n'komwe, ndipo masiku amenewo a Moffat nawonso chakudya sichiwalowa.

M'mawa uliwonse, tambala atalira kachitatu, mmisiri wa mabokosi amaoloka bwalo atanyamula kapu ya phala ndi mapiritsi m'kapepala. Sagogoda msanga. Amaima kuseri kwa nkhokwe, mutu atapendeketsa, kumvetsera. Nthawi zina m'nyumbamo mumakhala zii kwa mphindi zingapo. Akamva mlamu wawo akutsokomola, amapumira m'mwamba n'kunena kuti, “Odi, alamu.”